Yewo wa Mwana Wanga

Mpaka lero ndikamva mawu akuti "yewo" mtima umandiwawa, chikhalirecho ndi mawu aulemu. Ife kwathu ndi ku Ntcheu. Tinapita kumpoto, ku Chelinda, chifukwa amuna anga ankaphikira alendo kumeneko, ndipo ndine ndinkamukoka khutu mwana wathu woyamba kuti kuno n'kwa eni ake, wamkulu akamaliza kulankhula uziti yewo, ndiye zikomo wa kuno.

Anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mnzake anali mwana wa mzungu wina woyang'anira mitengo ya paini; mwanayo ankabwera patchuthi. Tsiku lina awiriwo anakawedza padamu opanda chilolezo. Mbedza inali ya mnzakeyo, wanga anangonyamula thumba. Alonda anawagwira onse, m'thumbamo muli nsomba zitatu.

Kuofesi mwana wa mzungu anangoti "sole", bambo ake akuseka. Anamupatsa tiyi poti kunja kunkazizira. Wanga anamukweza galimoto kutsikira naye kuboma, ngati kuti iye kuzizira sikumugwira.

Kukhoti ndinakhala kumbuyo. Woweruza anawerenga mlandu m'Chingerezi, ndipo womasulira, mlendo kuderali ngati ife tomwe, anaubwereza mothamanga. Atamaliza, mwana wanga anawerama n'kunena kuti, "Yewo."

"Wavomera," anatero womasulirayo.

Ndinadzambatuka. "Pepani bwana, sakuvomera ayi! Umenewo ndi ulemu chabe!"

"Mayi, khalani pansi," anatero wapolisi. Amuna anga anandikoka chitenje. Zaka zimenezo kutsutsa zimene boma lalemba kunali kudziputira zina, choncho ndinakhaladi pansi.

Palibe anafunsa kuti mbedza inali ya yani. Mwini wakeyo n'kuti atabwerera kale kusukulu, mbedza yake atamubwezera. Ndinamva kuti za iye analemba kuti ankasewera. Nsomba zomwezo, damu lomwelo, wina akusewera, wina akuba! Zinandikwiyitsa ndipo zimandikwiyitsabe.

Wanga anamutumiza kusukulu ya ana olakwa, kutali kummwera, zaka ziwiri. Anabwerako atatalika kuposa bambo ake. Ndinamuphikira mbatatesi, ndinamuthirira madzi m'manja, n'kumufotokozera zonse za pakhomo. Nditamaliza kulankhula ndinadikira yewo wake, mwachizolowezi. Anangondiyang'ana.

"Iwe, sunena kanthu?" ndinamufunsa.

"Amayi," anatero, "ndikanena, alembanso chiyani?"