Sitima Yonyamuka Yokha M'nyumba mwa a Overton

A Overton Nkhwazi anakulira ku Balaka, pafupi ndi njanji, ndipo kuyambira ali mwana ankauza aliyense kuti adzayendetsa sitima. Moyo sunawamvere. Anakhala kalaliki pa sitolo ya zitsulo, n'kukwatira a Rabecca amene anali namwino. A Rabecca atapeza ntchito pa chipatala china ku Lewisham, mu mzinda wa London, a Overton anatsatira ndi sutikesi imodzi komanso mwana wawo Mada. Ku London anapeza sitima paliponse: za pansi pa nthaka, za pamwamba, zina zoyenda popanda n'dalaivala yemwe. Anati apa ndiye Mulungu wawafikitsa pamalo pake, ndipo anakafunsira ntchito. Mayeso olemba anakhoza. Kenako dokotala wa maso anawaonetsa pepala lodzaza timadontho n'kuwafunsa kuti akuona nambala yanji.

"Nambala yake ili pati?" anafunsa a Overton.

Tsiku limenelo ndi pamene anadziwa kuti maso awo sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Anamvetsanso chifukwa chake a Rabecca anawaletsa kalekale kugula tomato. Ntchito imene anapeza inali yochapa zofunda ku nyumba yosamalira okalamba, ndipo akugwirabe mpaka lero.

Zaka zinapita, Mada anakula n'kusamukira ku Wembley. Tsiku lina a Overton anapita ku msika uja anthu amagulitsa katundu wakale m'mabuti a galimoto, kukafuna ketulo. Anabwerera ndi mutu wa sitima. Unali wachitsulo, wakuda, kutalika ngati mkono, kulemera ngati nkhuku ziwiri zonenepa. Wogulitsa anawauza kuti ndi O geji, n'kuwawonjezera mabogi, thiransifoma ndi katoni yodzaza njanji. Sitima za O geji si timatoyi ta ana tija tozungulira patebulo ayi. Iyi inkayenda pa njanji ya mizere itatu, magetsi akudutsa mu mzere wapakati, ndipo sinkatha kukhota pamalo ochepa.

Nyumba ya a Nkhwazi ndi yopanikizana, ili pamzere wa nyumba zogundana makoma. A Overton anayala njanji kuchokera kuseri kwa sofa, kudutsa pansi pa tebulo, kulowa m'khonde la mkati mpaka ku khitchini, n'kuzungulira furiji. Chitseko cha khitchini anachiboola m'munsi. A Rabecca anapirira mpaka m'mawa wina pamene anabwera kuchokera ku shifiti, masokosi atanyowa ndi mvula, n'kuponda njanji. Magetsi ake ndi ochepa, sapha munthu, koma anawavinitsa.

"Bambo a Mada," anatero atakhala pansi, "ine ndimasamalira odwala. Sindikufuna kukagonekedwa pa wadi yanga yomwe chifukwa chogundidwa ndi sitima m'nyumba mwanga. Muchotse magetsi pansipa, apo ayi chisitima chanucho chikagona ku bini."

A Overton anatsegula mutu wa sitima uja n'kuyamba kuusintha. Anachotsa timagudumu totenga magetsi pa mzere wapakati, n'kuika batire mu bogi yoyamba. Vuto linali loyiyendetsa popanda waya. Rimoti yeniyeni anaiona kuti ndi ya anthu opanda nzeru zawozawo, choncho anapita ku Peckham n'kugula belu la pakhomo lopanda waya. Analiphwasula n'kuwotcherera mtima wake ku mota. Akadina batani kamodzi, sitima inkanyamuka. Akadinanso, inkaima. Mu chumuni, m'malo mwa mafuta ake otulutsa utsi, ankadonthezamo mafuta a bulugamu amene a Rabecca amafukiza akadwala chimfine. Anaikamonso kasipika ndipo anajambula mawu awo omwe akukuwa ngati kondakitala: "Balaka! Balaka! Otsika tsikani!"

Koma mawaya a m'kati mwa sitima ndi ofiira ndi obiriwira, ndipo a Overton sankalola kuthandizidwa. Choncho sitimayo inkalengeza kuti yafika ku Balaka pamene ikunyamuka, nyali yake inkayaka kumbuyo, ndipo masiku ena inkasankha yokha kuyenda chafutambuyo. Iwo ankati ndi khalidwe lake.

Loweruka lina masana, a Overton ali ku ntchito, amayi a ku tchalitchi anasonkhana kwa a Rabecca kudzapemphera. Anagwada pabalaza, maso ali chitsinzire. Mayi Lushomo, amene amatsogolera gululo, anali atangofika pakati pa pemphero pamene kuseri kwa sofa kunamveka khetekhete. Panatuluka chinthu chakuda chikufuka utsi, n'kudutsa pakati pa mawondo a anthu. Amayi anabalalika. Ena anakwera pa sofa, ena pamipando, mayi Lushomo patebulo. Pamenepo mawu a mwamuna anakuwa kuchokera pansi: "Otsika tsikani!"

Amayi awiri anamvera n'kutsika.

"Rabecca," anatero mayi Lushomo ali patebulo pomwepo, "awa si mawu a amuna anu? Munawaona liti komaliza? Ali moyo?"

A Rabecca anaimba foni. A Overton anayankha makina ochapira akulira kumbuyo. Anati ali bwino, ndipo batani lili m'thumba mwawo. Sitima inakhota ku khitchini, n'kuzungulira furiji, n'kubwerera, n'kuima yokha pamapazi pa mayi Lushomo. Mayiwo sanatsike mpaka a Rabecca ataivindikira ndi beseni.

Mawa lake, mapemphero atatha, kunabwera abusa Biswick. Ndi a ku Zambia, mkati mwa sabata amayendetsa takisi, ndipo tchalitchi chawo chili pamwamba pa sitolo ya nsomba zouma ku Peckham. Anabwera ndi gulu la anthu ofuna kuonerera. A Overton anayesa kufotokoza za batire ndi mota, koma atafunsidwa kuti nanga anainyamutsa ndani, anangoti si iwo.

"Ba Overton, iyi nkhani ni yauzimu," anatero abusa. "Manje imwe sendelani uko, nikambe nayo."

Anavula jekete, n'kugwada, n'kusanjika dzanja pa chumuni. Anapemphera mpaka thukuta. Atangoti ameni, sitima inanyamuka chafutambuyo ikulengeza Balaka. Anthu anakuwa. Abusa anaithamangira chokwawa m'khonde muja, n'kuiloza chala.

"Ima!"

Inaima. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Abusa nawo anadabwa, anayang'ana chala chawo kwa kanthawi. Anailamula kuti iyende, koma sinasunthe. Anailamulanso m'Chingerezi, kenako m'Chibemba, osatheka. Anagamula kuti mzimuwo ndi wamakani ndipo uyenera kukagona kutchalitchi. Anaikulunga mu jekete n'kupita nayo pa takisi, ataimanga lamba pampando wakutsogolo.

Ku Peckham sitima inakhala sabata yonse pafupi ndi guwa osatsokomola n'komwe. Abusa analengeza kuti yamasulidwa ndipo anaibweza ndi manja awo. Asanamalize kumwa tiyi, inanyamukanso.

Kuyambira pamenepo a Rabecca anasiya kukhala pabalaza okha. A Overton anaonda. Ankamasula sitima, kuunika waya uliwonse, kuimanganso, koma inkangonyamuka nthawi imene yafuna, makamaka masana. Anayamba kuganiza kuti mwina abusa sakunama, ndipo tsiku lina a Rabecca anawapeza akuifunsa mwaulemu kuti ikufuna chiyani.

Yankho linabwera a Overton akutulutsa zinyalala. Nyumba yogundana ndi yawo mumakhala mayi Cathy, mzungu wachikulire wamasiye, amene amakonda kuitanitsa katundu pa foni. A Overton anaona wobweretsa maphukusi akudina belu pakhomo pa mayiwo. Nthawi yomweyo, m'nyumba mwawo, mawu awo omwe anakuwa kuti otsika atsike. Wamaphukusi anadinanso, ndipo m'nyumba munati zii. A Overton anasiya thumba la zinyalala pakati pa njira. Anayandikira n'kuona kuti batani la mayi Cathy ndi lofanana ndendende ndi lawo.

Mayi Cathy atatsegula, a Overton anapepesa n'kufotokoza zonse: belu la mayiwo likalira, sitima imanyamuka. Kenako anatulutsa batani lawo m'thumba kuti awaonetse, n'kulidina. M'nyumba mwa mayi Cathy munalira belu.

Mayiwo anagwira chitseko. Nkhope yawo inasintha.

"Ndiye ndinu?" anafunsa. "Miyezi yonseyi ndinu?"

Zinapezeka kuti nthawi iliyonse a Overton akamasewera ndi sitima yawo, mayi Cathy ankadzuka kukatsegula chitseko, osapeza munthu. Poyamba ankaganiza kuti ndi ana a sukulu. Kenako anazindikira kuti belu limalira kwambiri chakumadzulo, nthawi imene malemu amuna awo, a Thom, ankabwera kuchokera ku ntchito ataiwala makiyi. Anayamba kutsegula chitseko n'kupatuka kuti a Thom adutse. Ankawathirira tiyi, kuwauza nkhani za tsikulo, ndi kuwakalipira pa milandu yakale imene sanaimalize ali moyo.

"Ndinkadabwa," anatero mayiwo. "Thom sanali munthu wobwera kunyumba kambirimbiri tsiku limodzi. Ndinkati imfa yamuwongola."

A Overton analonjeza kuti asintha belu lawo tsiku lomwelo.

"Musayerekeze," anatero mayi Cathy. "Mwandilanda mwamuna kachiwiri, ndiye mukufuna mundilandenso belu? Ndionetseni chinthucho."

Analowa kwa a Nkhwazi koyamba chikhalireni pamzerewo. Anakhala pa sofa, batani lili m'manja, akuinyamutsa ndi kuiimitsa, uku belu lawo likulira kuseri kwa khoma. Anafunsa kuti Balaka ndi chiyani. A Rabecca anawapatsa mandasi, ndipo mayiwo atadya awiri anafunsa chifukwa chake sitima yabwino chotere imangozungulira furiji pamene kuseri kuli bwalo, ndipo mpanda wa pakati uli ndi thabwa loguluka.

A Rabecca anavomereza msanga, poona kuti imeneyi ndi njira yotulutsira njanji m'nyumba. Chilimwe chonse a Overton anali chogwada pa kapinga. Anayala njanji kuchokera pakhomo la khitchini yawo, kudutsa pa mpanda, kuzungulira maluwa a mayi Cathy mpaka pa sitepe yawo. Abusa Biswick, amene poyamba sanakondwere ndi nkhani ya belu, anayamba kuimika takisi pakhomo masana kuti aone ngati mzimu sunabwerere. Kuona kwake kunali kulanda batani osafuna kubweza.

Tsiku lotsegulira njanji yatsopano kunabwera anthu a ku tchalitchi, ndi Mada yemwe, amene ankajambula pa foni akuseka n'kumayankha zonse m'Chingerezi. A Overton anavala suti ndi chipewa. Abusa anadula riboni ndi sizasi ya kukhitchini. Mu bogi yomaliza, yopanda denga, a Rabecca anaikamo ntchafu za nkhuku yootcha zopita kwa mayi Cathy, amene ankadikira mbali inayo ndi mbale.

Sitima inalengeza kuti yafika, n'kunyamuka. Inadutsa kapinga bwinobwino, utsi wa bulugamu uli tolotolo, anthu akuwomba m'manja. Itangolowa pa mpanda, pansi pa kanyumba kosungiramo zipangizo panatuluka nkhandwe, imodzi mwa zija zimafwanthula mabini ku London masana dzuwa likuswa mtengo. Sinathamange. Inayenda pambali pa sitima ngati munthu wofuna mpando, kenako inaluma bogi ya nkhuku, kuidula pa zinzake, n'kulumpha nayo mpanda wa nyumba yachitatu.

Sitima yotsalayo inapitiriza ulendo n'kukaima pamapazi pa mayi Cathy, amene anayang'ana m'mabogi opanda kanthu, n'kuyang'ananso mbale yawo. Mayi Lushomo anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, a Rabecca anawagwira pakamwa.

A Overton anavula chipewa. Misozi inali m'maso, koma nkhope inali kuwala.

"Mayi a Mada," anatero, "mwaona? Yaberedwa katundu panjira. Ndi sitima yeniyeni tsopano."

Bogi ija inapezeka patapita masiku, m'dimba la munthu wina wa kumapeto kwa mzere, ili ndi mabowo a mano. A Overton anakana kuwamata. Panopa akupanga bogi yokhala ndi chitseko chokhoma, ndipo nkhandwe imabwera madzulo aliwonse kudzakhala pa mpanda, kuonerera mmene ntchitoyo ikuyendera.