Foni Ikalira Kamodzi

Ku lokeshoni ya St Mary's palibe amene sawadziwa alamu athu a Lisnet, ambiri amangoti Mai Blessmore. Ndi aja amagulitsa tomato ndi anyezi pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi a kuno, foni ataimanga pamfundo ya chitenje. Makolo awo anachoka ku Dedza kalekale kudzalima fodya m'mapulazi, iwo n'kubadwira konkuno kudziko la eni, kwa Ashona. Kumudziko sanapondeko n'kamodzi komwe, koma Chichewa chawo mukachimva mungati atsika basi dzulo.

Amuna awo, achimwene athu a Naison, ndiwo ankayendetsa lole ya sosaite yathu ya maliro. Wakwathu akatisiya, kaya kupulazi kaya kuchipatala, wokatenga thupi anali iwowo. Ndiye mukudziwa mmene timachitira ife pasiwa. Thupi likachedwa, aliyense amatulutsa foni. "Mwafika pati? Anthu atopatu kuno. Abusa akufuna kuyamba."

Loweruka lina anakatenga thupi la bambo wina kupulazi, cha ku Beatrice. Dzuwa linapendeka, azimayi mawu anasasa ndi kuimba, lole osaoneka. Akuluakulu anayesa kuimba foni, osayankhidwa. Ndiye wina anati, "Mai Blessmore, imbani inuyo. Inu sangakukaneni."

Anaimba koyamba, kachiwiri. Kachitatu achimwene anayankha.

"Mayi, ndili pafupi, ndangodutsa pa..."

Kenako chiphokoso cha zitsulo ndi magalasi. Foni siinaduke ayi. A Lisnet anaima pakati pa anamfedwa, foni ili kukhutu, akumva wailesi ya m'lole ikuimbabe, ndi mpweya wa amuna awo ukuchepa, ukuchepa. Sabata imeneyo tinaika maliro awiri.

Chichokereni apo alamu anasintha. Akakwera kombi amakhala kumbuyo kwa dalaivala, maso pamanja ake. Dalaivalayo akangogwira foni, iwo, "Nditsitse pompano, mwana wanga." Anthu amadandaula kuti akuwachedwetsa, iwo amatsika ndithu, dengu pamutu, n'kumaliza wapansi.

Ndiye taonani, mwana wawo mmodzi yekhayo, Blessmore, atakula anapeza ntchito yoyendetsa kombi, kuchokera pa Makoni kupita m'tauni. Mayi ake sanadye masiku awiri. Lachitatu anamutengera kumanda kwa bambo ake.

"Lumbira pano. Injini ikalira, foni m'kabokosi. Ngakhale uone dzina langa, usayankhe."

"Musatye, mhamha," anatero iye, kuti asaope. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chishona ngati anzake onse. Analumbira.

Koma lumbirolo linabweretsa mantha ena. Foni ikakhala chete, mwana ali bwino kapena wagona mumsewu? Ndiye anapangana kuti akaima pa renki ya Makoni, injini atazimitsa, aziflasha kamodzi. Masana kamodzi, folo koloko kamodzi. Ikalira kamodzi basi, ndiye kuti ali moyo.

Tsiku lina mu Januwale mvula inagwa yoopsa. Folo inakwana, foni zii. Hafu pasiti folo, zii. Pomwepo munthu wina wogula anyezi anangoti, "Mwamva? Kombi yagubuduzika mu Seke Road, yoyera. Akuti dalaivala sanatuluke."

Ya Blessmore ndi yoyera, ndipo imadutsa msewu womwewo.

A Lisnet anamasula mfundo ija. Dzina la mwana linali pomwepo, chala chili pamwamba pake. Mai Florida, anzawo ogulitsa pambali pawo, anati, "Imbani, asisi, mtima ukhale pansi!"

"Ndinaimbapo kale ine, kwa bambo ake."

"Ndiye ndiimbe ine, nambala ndili nayo."

Alamu anawalanda foni Mai Florida n'kuibisa pansi pa tomato.

"Ngati wafa, foni siimudzutsa. Ngati ali moyo, ali pa chiwongolero, mvula ino, msewu woterera. Akaimva ikulira aziti amayi adwala, atambasula dzanja. Ayi. Musandiphere mwana."

Anakhala choncho. Anzawo anafunditsa katundu n'kuthawira pakhonde la shopu, iwo anatsala pamvula, foni ataifumbata pachifuwa kuti isanyowe. Kombi iliyonse yoyera ikatulukira ankadzuka, ikadutsa n'kukhalanso. Ambulansi inamveka kutali, iwo anatembenukira komweko. Kawiri konse chala chinabwerera padzina lija, kawiri konse anachichotsa. Ankangonong'ona, "A Naison, muyang'anireni mwana wanu."

Cha m'ma sikisi foni inalira. Kamodzi. N'kuduka.

Anakhala pansi m'matope momwemo, osalira, osaseka, akungopuma ngati munthu wothamangitsidwa.

Blessmore atafika kunyumba anafotokoza kuti ngozi ija inatseka msewu, magalimoto amangokwawa, poima panalibe, ndipo injini sanazimitse mpaka sikisi.

"Foni inalira?" anafunsa mayi ake.

"Haina kurira, mhamha." Siinalire.

"Ikanalira?"

Blessmore anayang'ana pansi. Mayi ake anamvetsa kuti akanaiyankha.

Kombi inagubuduzika ija inali ya mwana wa eni ake, wa ku Unit K. A Lisnet anapita kumaliroko ngakhale samamudziwa, ndipo thupi litachedwa, anayenda pasiwa ponse akugwira anthu manja kuti asaimbire foni dalaivala.

Mpaka lero, ikamakwana folo, musawafunse mtengo wa tomato. Sakumvani. Dzanja lili pamfundo ya chitenje, akudikira.