Chipepala cha buluu pa zenera langa

Loweruka lapitali masana wina anagogoda pachitseko changa. Inu amene muli kumudzi mwina mukuti, nanga pamenepo pali nkhani? Ilipo. Kuno ku London munthu sagogoda pakhomo pa mnzake asanaimbe foni. Ogogoda mwadzidzidzi ndi owerenga mita ya gasi, olalikira khomo ndi khomo, komanso, nyengo ino ya chisankho, opempha mavoti.

Nditatsegula ndinapeza mzungu wamtali, tsitsi losadziwa chipeso, atamata duwa lofiira la nsalu pachifuwa. Kumbuyo kwake, cha pageti, kunaima mtsikana wovala duwa lomwelo, maso ali pa nsapato zake. Anali Tadala, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene analumbira kuti sadzapondanso m'nyumba mwanga.

Kuti mumve bwino, ndinene poyera: ine ndimavotera chipani cha buluu. Kuno zipani zikuluzikulu timazidziwa ndi mitundu. Ofiira amati boma ndi mayi wa aliyense, liyamwitse onse. Abuluu amati boma lichotse dzanja m'thumba mwa munthu, banja likhale banja, mwana amvere akulu. Ife Amalawi okhala kuno movomerezeka amatilola kuvota, mwina pothokoza kuti tinawasunga kwathu zaka zonse zija osawalipiritsa lendi.

Ndiye ine ndinasankha buluu. Sindinasankhe nditaledzera ayi. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kuno ku Croydon. Ndimasambitsa nkhalamba zimene ana awo amabwera kudzaziona pa Khirisimasi pokha, atanyamula bokosi la chokoleti, nkhalambayo ilibe ndi dzino lomwe. Ndikafunsa amati boma likusamalira. M'mawa ndimakwera tramu, kasitima ka mumsewu, ndi ana asukulu oika mapazi pampando gogo ataimirira, ndipo ukangowayang'ana kwambiri, wolakwa ndiwe. Mwezi ukatha ndimapeza boma ladya kale m'mbale mwanga ine ndisanasambe m'manja. Zimenezi zimandinyansa, ndipo sindibisa.

Koma mumzinda uno munthu wakuda kunena kuti ndi wabuluu kuli ngati kuulula ufiti pamaliro.

Nditanena kuntchito, mnzanga wa ku Zambia, mayi Tembo, anasiya kapu ya tiyi m'malere.

"Imwe ba Kamwendo, mwafunta? Ni chani chamene tinakulakwirani?"

Bwana wathu, mayi wachizungu wa mtima wabwino zedi, anandigwira paphewa monga mmene amagwirira nkhalamba zimene zayamba kuiwala maina a ana awo. Anati, "Inu, mwa anthu onse, inu?" Kuyambira tsiku limenelo amandilankhula pang'onopang'ono.

Anthu a mumzinda uno amanyadira kuti amakonda anthu osiyanasiyana. Zoona, amawakonda. Mkazi wanga akavala chitenje amamuimitsa pamsewu kuti achigwire. Ndikapita ndi mandasi kuntchito sipatsala ndi nyenyeswa yomwe. Usiyane nawo chakudya, zovala, khungu, mapemphero, onse amaomba m'manja. Koma yesa kusiyana nawo maganizo. Kodi ndani anawauza kuti voti imabadwira limodzi ndi khungu?

Musaganize kuti abuluu anzangawo anandilandira ndi nthungululu. Tsiku lina ndinapita kumsonkhano wawo. Ine poganiza zakwathu, ndinatchena buluu kuyambira malaya mpaka sokosi, ndili wokonzeka kuvina ndi kulandira nsalu ya chipani. Ndinapeza nkhalamba zowerengeka m'holo ya tchalitchi zikumwa tiyi ndi mabisiketi, popanda ng'oma, popanda wokuwa. Bambo wa pakhomo anandilozera kumene kuli mipando yofunika kuyala. Atazindikira kuti sindinabwerere ganyu koma chipani, zinthu zinatembenuka: aliyense anafuna kujambulitsa nane, ndili pakati. Ndinabwerako nditatopa ndi kumwetulira, koma ndinabwerako ndi chipepala chawo chachikulu.

Chipepalacho ndinachimata pa zenera la pabalaza, loyang'ana kumsewu. Ndiwo mwambo wa kuno. Savala nsalu ya chipani, amaveka zenera. Mumsewu wathu mazenera onse ovala ndi ofiira, kupatula nyumba imodzi ya aphunzitsi imene yavala chikasu cha chipani china. Langa lokha ndilo la buluu.

Tadala amaphunzira ku yunivesite ku Greenwich, ndipo amabwera Lamlungu lililonse kudzadya ndi kudzachapa. Tinabwera naye kuno ali wa kumsana. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi. Lamlungu lotsatira anaima pageti, nayang'ana zenera, nandiyang'ana ine. Kenako anatsegula pakamwa. Chingerezi chake sindingachibwereze, chinali chothamanga ngati sitima ya ku Brighton, koma mutu wake unali uwu: anthu amenewa ndi omwe akulengeza pa zikwangwani kuti obwera achuluka m'dziko muno, ndipo obwerawo ndi ife, chipepalachi chikakhala pamenepo iye salowa.

Ndinamuuza kuti nyumbayi ndi yanga. Anandiuza kuti mapazi ndi ake. Anatembenuka ndi chikwama chake cha zovala zakuda, ulendo wa kusiteshoni.

Masabata anadutsa. Foni amaimbira mayi ake okha. Lamlungu mayi a Tadala amaika mbale zitatu patebulo mwadala, kenako nkuchotsa imodzi mwaphokoso.

"Bambo a Tadala, mwana wanga wasiya kubwera chifukwa cha chipepala. Chipepalacho chidzakunyamulirani madzi mukadwala?"

Kunena zoona, ndinkamusowa kwambiri mwanayo. Koma kuchotsa chipepala ndinakana, ndipo chifukwa chake ndichinena posachedwa.

Tibwerere pakhomo paja. Gulu lawo la ofiira linali litagawana misewu, ndipo mwa tsoka la Tadala, iye ndi mnzakeyo, amene anati dzina lake ndi Tomu, anapatsidwa wathu. Tomu sankadziwa kanthu. Anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana zenera, anayang'ananso nkhope yanga, masamu osamutulukira. Kenako anawapeza. Anatsitsa mawu nkundiuza mwachifundo kuti ngati landilodi ndi amene anamata chipepalacho, ndili ndi ufulu wonse wochichotsa, ndisaope.

Abale, ndinamva kukoma. Ndinati, "Landilodi wake ndine, ndipo ndinamata ndekha. Koma kwathu nkhani sitikambira pakhomo. Lowani."

Muyenera kudziwa mmene opempha mavoti amachitira kuno. Salowa m'nyumba. Amaima pakhonde, kulankhula pang'ono, kukupatsa kapepala, nkuthamangira khomo lina. Tomu anayang'ana wotchi, nayamba kupepesa. Ndiye ndinamugwira pamene ofiira onse amagwidwira. Ndinati, "Ndi chikhalidwe chathu. Mlendo akakana kulowa ndiye kuti watinyoza."

Mawu akuti chikhalidwe anamugonjetsa. Wofiira angalolere kuphonya sitima kusiyana ndi kunyoza chikhalidwe cha munthu wa ku Africa. Anayamba kuvula nsapato asanauzidwe.

Tadala anali akadali pageti. Mayi ake anatulukira kumbuyo kwanga akupukuta m'manja.

"Iwe Tadala, mlendo wabwera nawe alowe yekha? Madzi osamba m'manja amupatse ndani, bambo akowa?"

Mwana anayang'ana kumwamba, napuma mozama. Podutsa pafupi nane anandiuza m'Chingerezi kuti ndidziwe kuti walowa ngati wachipani, osati ngati mwana wa m'nyumba muno. Ndinati wachipani ndi wolandiridwa, ndipo mabeseni akadali pomwe amakhala.

Tinamukhazika Tomu pampando wabwino, pansi pa chipepala cha buluu chenichenicho. Ndinamupatsa moni. Mayi a Tadala anamupatsa moni wawo. Tinafunsa za makolo ake, za abale ake, za ulendo wake. Atatsegula pakamwa kuti ayambe za chipani, kunabwera tiyi ndi mbatata. Atayesanso, kunabwera mpunga ndi nkhuku. Mayi a Tadala anamuuza kuti ndi woonda, nkumuonjezera. Timapepala take tofiira tinathera pansi pa mbale yotentha kuti tebulo isapse.

Sindinayambe ndatumikirapo chipani changa monga tsiku limenelo. Ndinachotsa ofiira awiri mumsewu masana onse, popanda kutukwana munthu.

Koma Tadala sanali kudya. Tomu ali kalikiliki ndi fupa, mwana anaika foloko pansi, nalankhula Chichewa, chimene sanachilankhulepo kwa ine chichokereni kusukulu ya pulayimale. Chinatuluka chopindikapindika, koma chinafika.

"Adadi, anthu aja sakufunani inu. Inu munaima pa mzere uja. Ine ndinali kumsana kwa amami. Mwaiwala?"

Amanena mzere wa ku maofesi a boma oona za anthu obwera, omwe ali konkuno ku Croydon, kumene anthu amaima m'mawa kukuzizira kudikira chidindo. Ndimaudutsa mzere umenewo popita kuntchito. Sindinaiwale. Mawu akewo anandilasa, ndipo misozi inali pafupi.

Ndinati, "Sindinaiwale, mwanawe. Ndikudziwa kuti ena mwa iwo angakonde nditakwera ndege mawa. Ndikakumana nawo ndimawauza maso ndi maso. Koma nawenso imva. Ndili mnyamata kwathu, sunkalowa mumsika wopanda khadi ya chipani. Agogo ako anawabweza pachipata ndi dengu lawo la tomato pamutu, mpaka tomato anaola. Anyamata a zibonga ankatiuza kuti chipani chathu ndi chakuti, chifukwa tinabadwira momwemo. Ndinawoloka nyanja kuti wina asadzandiuzenso zimenezo. Lero ndikachotsa chipepala chifukwa msewu wonse ukundiyang'ana, ndiye kuti ndagulanso khadi."

Ndinaona ngati ndamaliza mlandu. Ndinaiwala kuti mwanayu ndinamulipirira sukulu.

"Ine ndilibe chibonga, adadi. Ine ndine mwana wanu." Analoza chipepala changa chija. "Ndiye zenera ndi la ndani? Anthu akamadutsa amati nyumba yonse ndi ya buluu. Munafunsa amami? Munafunsa ine? Inu mwatigulira khadi."

Tomu anali kutembenuza mutu uku ndi uku, osamva kanthu, akumwetulira chikhalidwe.

Ndinayang'ana mayi a Tadala kuti andithandize. Iwo anali kusonkhanitsa mbale. Mayi amenewa takhala nawo m'banja zaka zambirimbiri, koma sindikudziwa kuti amavotera ndani. Ndikafunsa amati, "Kaja kachipinda kovotera anakatchinga ndi nsalu chifukwa cha amuna ngati inu." Tsiku limenelo anangoti, "Zeneralo amapukuta ndine. Palibe anandifunsa."

Alendo ananyamuka dzuwa litapendeka. Tomu anatuluka ndi mandasi m'pepala, atakhuta moti duwa lofiira linapendama. Tadala anatsanzika mayi ake okha.

Ndakhala ndikuganiza sabata yonseyi. Ndikadali wabuluu, musayembekezere kuti ndatembenuka mtima chifukwa cha mbale imodzi ya mpunga. Ndikunenabe kuti mzinda uno uli ndi matenda: umakulandira ndi manja awiri, koma unakusankhira kale maganizo usanatsike ndege. Nafenso Amalawi tatengera. Kumapwando athu, pa nyama yootcha ku Ilford, munthu akangonena zosiyana ndi gulu timamutcha wogulidwa, wodzimva uzungu, woiwala kwawo. Kodi si mawu omwe aja ankatithamangitsa nawo kumudzi? Tinathawa chipani chimodzi kuti tidzayambitse china m'makhitchini a kuno?

Koma funso la mwana uja landikakamira ngati chisoso pa buluku. Ine amene ndimalalikira kuti boma lisalowerere m'nyumba mwanga, m'nyumbamo boma ndi ndani? Inu abambo anzanga, amene mumakuwa za ufulu pa foni ndi abale a ku Lilongwe, mkazi wanu ndi ana anu ali ndi zenera?

Lamlungu, tsiku lotsatira Loweruka lija, titachokera kutchalitchi, mayi a Tadala anaika mbale zitatu monga mwa masiku onse. Ine ndinakhala pabalaza khutu lili kuchitseko, ndikudziuza kuti sindikudikira munthu.

Palibe anagogoda. Ndinangomva kiyi akutembenuka.

Analowa ndi chikwama cha zovala zakuda kudzanja limodzi, chipepala chofiira chokulunga kudzanja linalo. Sanapemphe chilolezo. Anakwera pampando wanga ndi sokosi zake, nachimata pambali pa changa, mwadala nkuphimba ngodya imodzi ya buluu. Atatsika anagwada pang'ono, monga mayi ake anamuphunzitsira.

"Mwaswera bwanji, adadi?"

Pano m'balaza mwathu muli mdima masana, chifukwa zenera lonse lavala. Aneba afunsa kale mayi a Tadala ngati banja lili bwino. Voti ya Tadala idzafafaniza yanga, yanga idzafafaniza yake, ndipo dziko lino lidzalamulidwa ndi amene mayi a Tadala adzamusankhe kuseri kwa kansalu kaja. Mbale yachitatu sinachotsedwe patebulo, ndipo ngodya anaiphimba ija sindinaikhudze.