Anamulemba Kuti Anasamuka

Ndimakumbukirabe kathabwa kopanirapo mapepala komwe aphunzitsi anabwera nako, bolopeni ili lende pa ulusi pakona pake. Sukulu inali itaima yokha, poti ana tinalibe mphamvu zokwerera chitunda. Ndiye aphunzitsiwo anapeza ganyu ku bungwe lina: kuyenda khomo ndi khomo kufunsa kuti m'nyumba muli angati, afa angati, achoka angati.

Chinali chaka cha njala ija, zipani zitachuluka kale, misonkhano ili ponseponse koma nkhokwe zili pululu. Ife tinali matenanti pa esiteti ya fodya chakum'mawa kwa Mponela, kwathu kuli ku Phalombe. Bambo anali atapita ku Kasakula kukasaka chakudya, osabwerako. Tinkadya zitsa za nthochi zosinja, zoyabwa pakhosi, ndi madeya onunkha nkhungu. Mlongo wanga, kamnyamata ka zaka zitatu, anatupa miyendo mpaka kunyezimira. Ndinkadina chala pamwendo pake, kadzenje n'kutsala osabwerera, ine n'kumaseka. Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Tsiku lina m'mawa amalume, omwe tinkakhala nawo, anatuluka naye atamukulunga m'chitenje, paphewa pali khasu lobwereka kwa aphunzitsi. Analowera ku mabulugamu a kumalire kwa esiteti, chifukwa manda a m'mudzi sanali a obwera. Ine ananditumiza kuchitsime. Kunalibe nyimbo, ndipo palibe anandiuza kanthu. Koma pobwerako ndinapeza amayi atakhala padothi, nsana uli wopanda mwana, ndipo pang'ono pokha ndinadziwa.

Kutatsala tsiku limodzi kuti atiwerenge, akapitawo a pa esiteti anayenda mumzere wa nyumba zathu. "Pano sipanafe munthu. Abwana safuna dzina la esiteti yawo m'mapepala. Wolankhula amange katundu." Kumanga katundu kulowera kuti, fodya wathu ali m'munda wosathyola?

Mawa lake aphunzitsi anafika pakhomo pathu, nakhala pachidebe chovundikira, n'kuwerenga funso osadzutsa mutu.

"Chiyambireni mvula, mwataya munthu m'nyumba muno?"

"Ayi," anatero amayi.

"Nanga kamnyamata munkabereka kaja?"

Akapitawo anali chilili pamthunzi wa chigafa cha fodya, akusenda mzimbe ndi mano. Ine maso anga anali pa makoko omwe ankalavula.

"Anapita kwathu ku Phalombe," anatero amayi. "Kwa agogo ake."

Aphunzitsi ankadziwa. Khasu linabwerera kwawo dothi lisanaume. Koma anachonga pamzere wa osamuka, n'kuthokoza, n'kupita khomo lina. Kwa zaka zambiri ndinawada. Pano ndimakumbukanso kuti pa lamba wawo anali ataboola mabowo atsopano ndi msomali.

Ndakula ndikumva anthu ophunzira akutsutsana pa wailesi kuti njala ija inapha angati. Ndimangozimitsa. Kaya anene chiwerengero chotani, mlongo wanga mulibemo.

Koma tsiku lotiwerenga lija ine ndinasangalala. Ndinathamanga mzere wonse kuuza ana anzanga kuti ali moyo, akudya mpunga ku Phalombe. Chimanga chitayamba kucha ndinabisa chimodzi kudenga, choti adzadye akabwera. Kukacha ndinkafunsa, kukacha ndinkafunsa: "Amayi, tikamutenga liti?"

Amayi anali asanandimenyepo. Tsiku lina anatola chikuni n'kundimenya kumsana, m'miyendo, m'mutu, mpaka amalume anawalanda. Ndinagona chafufumimba masiku awiri, ndikufufuza chomwe ndinalakwa osachipeza. Pajatu ananena okha, pamaso pa aphunzitsi, ndipo zinalembedwa.