Pemphero Loyatsira Pikapu ya Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene timu ya pasukulu pathu ya mpira wamanja inafika mu ndime yomaliza ya mpikisano. Masewerowo anali okachitikira ku Manjawira, ndipo kwa ife ana a kumtunda kufupi ndi Nzama, kumeneko kunali kutali kosaneneka. Womwetsa zigoli ndinali ineyo. Sabata yonse mtima unali dyokodyoko, moti chilichonse chozungulira chimene ndinkachipeza, kaya dzungu kaya mbatata ya kachewere, ndinkachiponyera m'dengu. Aphunzitsi anatiuziratu kuti timu yochedwa kufika pabwalo idzatengedwa ngati yagonja, ngakhale osagwira mpira.

Yotinyamula inali pikapu ya bambo anga, yakale, ya dizilo. Injini ya dizilo siyaka wamba kukazizira, ndipo kuzizira kwa kwathu mu June sikocheza. Mkati mwake mumakhala timapulagi totenthetsa, timene amakaniko amati mahita, komanso kabokosi koyatsa ndi kuzimitsa mahitawo pa nthawi yake. Kabokosi kathu kanafa kalekale. A Yusufu, makaniko wa pamsika wa kumsewu, anaika m'malo mwake batani lakuda pansi pa chiwongolero. Ukalidina mahita ankatentha, ukalisiya ankazima, kenako n'kupotokola kiyi.

Kutatsala masiku angapo, bambo anaitanidwa ku Lilongwe kukadwazika agogo. Makiyi anasiyira amalume, mchimwene wawo wa amayi, amene anali mkulu wa mpingo. Ndinalipo pamene ankawalangiza.

"Alamu, batani ili muzilidina kutalika kwa pemphero la chakudya. Mukati ameni, lisiyeni, lizani galimoto."

"Zimenezo ndiye zosavuta," anatero amalume.

Bambo anaiwala chinthu chimodzi chimene mudzi wonse unkachidziwa. Amalume akayamba kupempherera chakudya, ndiwo zinkazizira, ana n'kuyamba kuwodzera. Ankayambira kwa odwala, n'kupita kwa apaulendo, kwa amasiye, kwa atsogoleri, chakudya n'kuchifikira kumapeto. M'mawa uliwonse sabata imeneyo ankakhala m'galimoto atatsinzina, chala chili pabatani, milomo ikugwedera. Pikapu inkayakabe, koma tsiku ndi tsiku inkavutirapo, ikutulutsa utsi woyera.

Loweruka, tsiku la masewerowo, atsikana onse anafika pakhomo pathu dzuwa likungotuluka, atavala yunifomu m'kati mwa majuzi, akuimba mano akuguguda. Tinakwera kumbuyo. Amalume anapemphera, anapotokola kiyi, injini inangozungulira osagwira. Anapempheranso motalikirapo. Inakananso. Tinatsika n'kuikankha mpaka kumunsi kwa chitunda, pafupi ndi dimba la kachewere, koma inangotsokomola utsi n'kuima. Nyimbo zinathera pomwepo. Ine misozi inali italengeza kale, ndipo ndinkaona anzathu a timu inayo akulandira chikho osatuluka ngakhale thukuta.

Amayi anaimbira foni a Yusufu. Posakhalitsa tinamva njinga yamoto ikutsika chitunda, ndipo tinaithamangira ngati yabweretsa mkwati. A Yusufu anatsika panjingapo. Anatsegula boneti, anayang'ana fyuzi, inali yabwino. Anandiuza kuti ndidine batani kamodzi, tinamva kuti "tha" m'kati.

"Kachitsulo kolumikiza moto kali moyo," anatero. Anatulutsa kababu kokhala ndi waya, anakagunditsa pamene pamalowera moto wa mahita, kanawala. "Moto ukufika. Ndiye kuti vuto ndi mahita eni ake."

Anawamasula onse anayi ndi sipanala. Ankatenga limodzilimodzi n'kulilumikiza kubatire, ife titawaunjirira mitu pamodzi. Loyamba zii. Lachiwiri zii, nsonga yake itatupa. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi linayamba kufiira kunsonga mpaka linati psuu ngati khala, ndipo tonse tinakuwa ngati tamwetsa chigoli.

"Atatu apsa. Bambo mkulu, batani lija mumalidina nthawi yaitali bwanji?"

"Monga anandiuzira eni ake. Pemphero la chakudya."

"Tapempherani timve."

Amalume anavula chipewa n'kuyamba. A Yusufu anamvetsera mwaulemu, manja ali kumbuyo. Amalume atafika kwa apaulendo, makaniko uja anatsokomola pang'ono.

"Pepani bambo mkulu, pemphero ndi labwino zedi, Mulungu walimva. Koma mahita amapsa musanachoke kwa odwala."

Atsikana anabisa nkhope m'majuzi. Amalume nawo anaseka, ngakhale manyazi anawagwira. A Yusufu anafotokoza kuti tsiku limene anaika batani lija anadya kwathu. Bambo akupempherera chakudya, iwo ankayang'ana pawotchi, ndipo atamva ameni anati muyezo wake ndi umenewo ndendende.

M'thumba la ovolosi anali ndi mahita awiri okha akale koma amoyo. Anawaika, n'kubwezera lathu labwino lija ndi limodzi lakupsa longotseka bowo. Kenako anagwedeza mutu.

"Batire latopa ndi kuliza kuja. Latsala ndi mphamvu yoyesa kamodzi, mwina kawiri. Ine ndigwira waya wa kubatire kuno chifukwa wakhwepa. Komanso madzulo ku Manjawira ine kulibe, mawa kulibe. Pakhomo pano papezeke munthu wodziwa muyezo. Ndani angapemphere ngati eni ake galimoto?"

Zala zonse zinaloza ine.

Ndinali ndi khalidwe limene amayi ankadana nalo kwambiri, lotsanzira anthu. Aphunzitsi, abusa, ogulitsa usipa, onse ndinkawatha. Koma amene ndinkawatsanzira bwino koposa anali bambo, ndipo tsiku lina amayi atandipeza ndikuchita zimenezi kuseri kwa khola, khutu langa linapotokoledwa mpaka linatentha. Choncho ndinawayang'ana kaye.

"Esinati, lero lokha," anatero amayi. "Koma usaseke."

Ndinakwera pampando wa bambo, miyendo osafika pansi. Amalume anakhala pambali panga, dzanja lili pakiyi. Ndinadina batani, ndinatsinzina, ndinakulitsa mawu.

"Atate, zikomo chifukwa cha chakudya ichi. Dalitsani manja amene aphika." Apa bambo ankatsokomola nthawi zonse, ndiye nane ndinatsokomola. "Amene alibe muwakumbukire. Tikadya, mutipatse mphamvu zogwirira ntchito. Ameni."

Ndinasiya batani. Amalume anapotokola kiyi. Injini inazungulira mwaulesi, inatsokomola, galimoto yonse inanjenjemera, kenako inabangula. Utsi unadzaza dimba lonse. Kumbuyo kunali nthungululu, kudumpha, kukumbatirana, amayi akuvina chitenje chili m'manja. Chimwemwe chimene ndinamva pamenepo sindinachimveponso, ngakhale pa ukwati wanga.

Ulendo wonse tinaimba mpaka mawu kusasa. Tinafika ku Manjawira anzathu aja ali kale m'bwalo, woimbira masewero akuyang'ana kumsewu, wezulo ili kukamwa. Tinalumpha galimoto isanaimitsitse, majuzi tikuvulira m'njira. Masewerowo tinapambana movutikira, ndipo chigoli chomaliza ndinamwetsa ndine. Koma kumudzi palibe amene ankakamba za chigolicho. Aliyense ankafuna kumva za pemphero.

Madzulo ake, komanso m'mawa uliwonse kufikira bambo atabwera, ntchito ya batani inali yanga. Bambo atamva nkhaniyi anandiitana kuti ndiwatsanzire pamaso pawo. Ndinawatsanziradi. Nditamaliza, anafunsa amayi kuti, "Kodi ndimatsokomoladi pamenepo?"

Lero ndimaphunzitsa atsikana kusoka, ndipo ndikamva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti "pang'ono chabe" kapena "kanthawi ndithu", ndimaima. Ndimakumbukira kuti bambo sananame ndipo amalume sanaphwanye langizo, koma mahita anapsa, chifukwa pang'ono wa munthu wina si pang'ono wa mnzake. Ndiye ndimakhala pamakina n'kumuonetsa mwanayo ndi manja anga.

Pikapu ija inagulitsidwa kalekale, ndipo bambo anatisiya. Kunyumba kwanga ndikamapempherera chakudya, mawu amene amabwera ndi awo omwe aja. Mwana wanga wamng'ono anandifunsa tsiku lina chifukwa chimene ndimatsokomolera pakati pa pemphero pomwe sindikudwala chifuwa. Ndinamuuza kuti pamenepo ndi pa agogo ake, ndipo sindidumphapo.