Chitsulo cha M'kamtsinje ndi Atcheyamani a Kwathu

Chaka chimene anthu a bungwe lina anabwera ku Kanakantapa ndi galimoto yoyera, amuna anga anasanduka munthu wofunika. Anthuwo anakhoma chitsulo chachitali m'kamtsinje kodutsa kumunsi kwa madimba athu. Chinali ndi manambala ndi mitundu itatu: pansi poyera, pakati pachikasu, pamwamba pofiira. Pamsonkhano wa kutchalitchi anati akufuna munthu woti aziwerenga madzi m'mawa ndi madzulo, n'kumatumiza nambala pa foni. Madzi akafika pofiira, aziimba wezulo kuti anthu achoke kumadimba.

Amuna anga anali akuwodzera kumbuyo. Atangomva kuti wosankhidwayo alandira jombo, wezulo ndi vesiti yonyezimira, mkono wawo unakwera wokha. Tinabwerera kunyumba ali Atcheyamani a Komiti ya Madzi.

Vesitiyo inagwira ntchito kwambiri. Inapita kumaliro, kumsika ku Chongwe, ngakhale kuchinkhoswe cha mphwanga. Kumtsinje inapitako sabata imodzi. Kenako m'mawa wina, ndikunyamula keni yothirira, ndinamva mawu kuchokera pampando.

"Amai, popeza muyenda ku dimba, muniyang'anireko chitsulo."

Ndinawayang'anira tsiku limenelo, ndi mawa lake, mpaka zaka ziwiri. Ndinkabwera n'kunena nambala, iwo n'kuvala magalasi, n'kutumiza ndi chala chimodzi, nkhope ili ngati ya dokotala. Ndikadwala ankatumiza nambala ya dzulo.

Chaka chachiwiri, amalole okumba mchenga anadya gombe kumtunda, ndipo kamtsinje kanayamba kusintha njira. Madzi anasiya chitsulo pamchenga n'kumakhotera kumbali ya madimba. Ndinawauza amuna anga.

"Abambo, chitsulo chanu chili pouma. Madzi apita kwina."

"Amene anachiika paja anaphunzira ku Lusaka," anandiyankha. "Imwe munaphunzira kuti za madzi?"

Ine ndinaphunzira m'madzimo, nditapinda chitenje, kuyambira ndili mtsikana. Iwo anapitiriza kutumiza uthenga woti zonse zili bwino, ndipo ku Lusakako palibe anadabwa kuti mtsinje ukuuma pakati pa dzinja.

Mu Febuluwale anawaitana ku Chongwe ku maphunziro a masiku atatu, okonzekera kusefukira kwa madzi. Anasita vesiti, napachika wezulo m'khosi, nakwera minibasi.

Tsiku lachiwiri kwathu kunali dzuwa, koma kumapiri kunada kuyambira m'mawa. Masana ndili kudimba, ndinaona madzi asanduka ofiirira, akubwera ndi thovu, mapesi ndi zinyalala za kumidzi ya kumtunda. Ndinazika kamtengo m'mphepete. Ndisanamalize kupalira bedi limodzi la repu, kamtengoko kanali katamira. Chitsulo chija chinali chitangonyowa kuphazi, pamtundu woyera umene umati gonani mtima uli m'malo.

Ndinawaimbira foni. Anayankha monong'ona.

"Tili mu miting'i."

"Madzi akwera, abambo."

"Afika pofiira?"

"Safika. Adutsa kumbali."

"Ngati sanafike pofiira, si chigumula. Nizatuma foni pa lanchi." Anadula.

Wezulo anali m'khosi mwawo ku Chongwe. Ndinathamangira kutchalitchi, kumene timapachika chitsulo cha gudumu la thirakitala m'malo mwa belu, ndipo ndinachimenya ndi khasu mpaka manja anachita dzanzi. Anthu anatuluka akufunsa kuti wamwalira ndani. Ambiri anali amayi. Tinatsikira kumadimba, tinamasula mbuzi zomangidwa m'dambo, tinanyamula injini yopopera madzi ya aneba athu tilipo asanu. Amai a kwaya awiri anakaima pamalo owolokera, kukuwira ana a sukulu kuti abwerere akagone kwa abale tsidya lomwelo.

Madzi anafika dzuwa lisanapendeke. Anatenga repu wanga, tomato wa aneba ndi mapaipi ena, nakwirira zotsala m'matope. Ndinaima pachulu ndikuona ntchito ya miyezi itatu ikupita, ndipo ndinalira, osati pang'ono. Munthu sanafe, mbuzi sinafe.

Amuna anga anafika patapita masiku awiri, wapansi, chifukwa minibasi inakanika pamatope. Jombo anali ataziiwala kunyumba. Pamutu anasenza satifiketi yokulungidwa m'pulasitiki, yonena kuti ndi odziwa kuchenjeza anthu za madzi.

Sabata yotsatira galimoto yoyera inabweranso. Mtsikana wina wa bungwelo, wa nsapato zoyera, anawagwira chanza ndi manja awiri.

"Ba Tcheyamani, mwachita bwino maningi. Munadziwa shani kuti madzi abwera?"

Amuna anga anakhosomola. "Ninaona mtundu wa madzi wasintha," anatero, "na thovu, na mapesi. Munthu ukakhala pa nchito iyi, maso amazolowera."

Mtsikanayo analemba zonse m'buku. Anawajambula ataloza mtsinje. Ine anandipempha kuti ndisunthe pang'ono chifukwa keni yanga imaoneka pachithunzi. Nditanena zoti chitsulo chisamutsidwe, anamwetulira nati nkhani zotero zizidzera kwa Atcheyamani.

Alendo atapita ndinawapeza amuna anga pakhonde.

"Abambo, thovu lija munaliona muli mu holo ku Chongwe?"

Sanachite manyazi. "Amai, pa ukwati wathu abusa anati chani? Tili thupi limodzi. Pamene munaona imwe, ninaona ine."

"Chabwino," ndinatero. "Mailo thupi limodzilo liyende likafukule mapaipi m'matope. Mbali yanga izapumula."

Mawa lake anapitadi, ndisawanamizire. Anafukula mapaipi atatu, nabwerako isanakwane teni koloko akuti msana, ndipo otsalawo ndinakafukula ine Loweruka.