Pakapepala analemba munthu mmodzi

Anzanga, Naoyuki Hoshino ndinakumana naye ndikulimbana ndi tenti. Kanali koyamba kukagona kuphiri ndekha, pakamalo kakang'ono m'mbali mwa mtsinje. Pamakwana matenti asanu basi, chimbudzi n'chokumba, magetsi kulibe, netiweki osayerekeza n'komwe. Ine ndi nzeru zangazi ndinasankha pamchenga pafupi ndi madzi, kuti zithunzi zikongole.

"Pepanitu," anatero munthu wina kumbuyo kwanga, "mukufuna mawa mudzuke muli kunyanja?"

Anandifotokozera kuti mvula ikagwa kumtunda, madzi amangofika osaodira, ngakhale pomwe ulipo dzuwa likuswa mtengo. Anandinyamulira katundu kupita pamtunda, kundikhomera tenti, kenako n'kundiphikira mpunga m'kapoto kake kakuda. Ndinadya, mtima n'kupitira pomwepo.

Miyezi isanu tinkabwerera komweko. Ndikati tikaonere kanema, ankati m'tauni mumamutopetsa. Ndikati akaonane ndi mayi anga, ankati tidikire kutentha kuthe. Kutentha kunatha, iye zii. Mkulu wanga ankandinyogodola kuti ndili pachibwenzi ndi chimbalangondo, poti chimangopezeka m'nkhalango. Zinkandiwawa chifukwa chimene ndinkafuna chinali chimodzi: munthuyu andiike poyera, anthu adziwe kuti ndilipo.

Pakampupo sipakhala munthu. Pamlatho wolowera pali kabokosi kachitsulo, ndipo ukafika umalemba kapepala n'kuponyamo: mayina a onse amene mwabwera, chiwerengero chanu, ndi nambala ya munthu woti aimbiridwe zinthu zikavuta. A Kuwabara, bambo amene amayang'anira malowo, amangofika pamlathopo ndi kalole kawo, kutenga mapepala n'kubwerera. Kapepala kathu ankalemba ndi Naoyuki nthawi zonse.

"Iwe zitsitsa nkhuni, Chisato, zolembazi ndisiyire."

Ine n'kumati ndapeza mwamuna wosamala...

Mu Seputembala mkuntho umene ankati udutsa kutali unakhotera kwa ife. Mtsinje unasanduka matope, miyala ikugundana pansi pamadzi, ndipo mlatho unapita. Masiku awiri tinatsekeredwa tikugawana mapaketi atatu a ramen, manudulozi ongothira madzi otentha. Mantha ndinali nawo, koma ndinkadzitonthoza kuti munthu amene mwavutika naye chonchi sangakubisenso.

Tsiku lachitatu masana a Kuwabara anawoloka pachingwe chimene ozimitsa moto anamanga, matope mpaka m'chiuno. Anafika akupumira m'mwamba.

"A Hoshino, muli moyo! Akazi anu ndawaimbira. Akhala akulira chiyambire dzana, ana sanapite n'kusukulu komwe."

Ndinacheuka kuti mwina kumbuyo kwanga kuli a Hoshino ena. Kunali mitengo yokhayokha.

Naoyuki anawerama n'kupepesa kuti wawavutitsa. Kuwerama katatu, anzanga, ulemu wonse, ine ndili chiimire pambali pake. Ndipamene bambo aja anandiona.

"Nanga awa ndani? Pakapepala mwalemba munthu mmodzi."

Anakatulutsa m'thumba lapulasitiki, n'kundipatsa. Dzina la Naoyuki, nambala ya mkazi wake, ndipo pamzere wa chiwerengero panali kamtengo kamodzi, nambala wani. A Kuwabara anati miyezi yonseyi ankadziwa kuti a Hoshino amabwera okha. Iwo anauza ozimitsa moto za munthu mmodzi. Jekete yowolokera anabweretsa imodzi.

Ndinamufunsa Naoyuki kuti mtsinje ukananditenga akanandifunafuna ndani.

"Chisato, sindinkafuna kuti dzina lako lilowe m'mavuto."

"Dzina langa, kapena lako?"

Anangoyang'ana nsapato zake. Munthu yemweyo amene anandiphunzitsa kuopa madzi, anandichotsa pamchenga n'kukandifufuta papepala. Zoti ali ndi mkazi zinandipweteka, sindinama. Koma chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti ulendo uliwonse ankaima pamlatho paja ndi cholembera, ine ndikumunyamulira nkhuni, iye n'kuwerenga anthu, n'kupeza mmodzi.

A Kuwabara anandiveka jekete ija, n'kumanga zingwe zake mwamphamvu, kenako anauza Naoyuki kuti adikire, mapepala aja si okongoletsera bokosi. Ndinawoloka ndikulira, ndipo sindinacheuke. Mauthenga a Naoyuki anabwera ambirimbiri netiweki itabwerera. Sindinatsegule ngakhale umodzi.

Mlatho anaukonza, ndipo mwezi watha ndinapitakonso ndekha. Ndinaima pakabokosi paja n'kulemba dzina langa m'zilembo zikuluzikulu, pansi pake nambala ya mayi anga.

Anzanga, munthu akamakukondani kumene kulibe netiweki kokha, musamusiyire cholembera. Onani ndi maso anu ngati wakuwerengani.